Makasu Anayi a Bambo Chikafa

MUTU WACHISANU NDI CHIMODZI

1. Dzina la wakuba

Suwilanji anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene anaphunzira kudana ndi munthu. Munthuyo anali Bambo Stephano Chikafa a ku Area 36, mwini thirakitala yofiira imene inkalima minda ya anthu m'mphepete mwa mzinda wa Lilongwe.

Bambo ake a Suwilanji, a Laws Simwaka, ndiwo anali dalaivala wa a Chikafa. Anagwira ntchito mogwirizana zaka zinayi, mpaka m'chaka cha 1995 pamene a Chikafa anagulitsa thirakitala yakale n'kugula yofiirayo kwa munthu wina wongodutsa. Utoto wake unali waliwali, ndipo pa boneti panali nambala yoyera yaikulu: 75.

"Mphamvu ya akavalo sevente-faifi!" a Chikafa ankauza aliyense wokumana naye. "Iyi ikhoza kukoka phiri la Ngwenya n'kukalitula ku Kawale."

A Simwaka anasuzumira mu injini, nawerenga mapaipi opititsa mafuta. Anapeza atatu okha, chizindikiro cha injini yaing'ono.

"Bwana, akupusitsani," anatero mwaulemu. "Utoto ndi wa thirakitala yaikulu, koma injini ndi yaing'ono. Muno muli akavalo fote-faifi basi. Tiziikoketsa pulawo ya makasu awiri, ikhalitsa."

Mawuwo anawalasa a Chikafa. Anali atadzitama kale kwa anthu ambiri, ndipo kuvomera kuti anapusitsidwa kunali ngati kuvula pamsika. Anakakamira pulawo yawo ya makasu atatu. Thirakitala itayamba kutsokomola utsi ndi kulephera m'minda ya makande, iwo anasakira chifukwa kwina.

Lamulungu lina, anthu akutuluka m'tchalitchi ku Area 25, a Chikafa anaimika galimoto pa geti.

"Simwaka!" anafuula. "Wakuba iwe! Ukugulitsa dizilo wanga n'kumathira palafini m'thanki, ndiye n'kumanamizira injini? Anthu a Mulungu, taonani amene mumam'patsa mbale ya chopereka!"

Suwilanji anali pambali pa bambo ake, atanyamula buku la nyimbo. Anaona amayi a mvano akutembenuka. Anaona anyamata a kwaya akutsinana.

Sabata isanathe, akuluampingo anawapempha a Simwaka kuti ayambe apuma pa udikoni mpaka nkhani itaoneka mutu wake. Nkhaniyo sinaoneke mutu. Palibe mwini thirakitala amene anawalembanso ntchito. Munthu amene ankadula mzere wowongoka ngati chingwe anayamba kumata machubu a njinga pansi pa mtengo pamsika wa Nsungwi.

"Choona sichiola, mwana wanga," ankatero a Simwaka akaona nkhope ya mwana wawo ili ndwii.

"Sichiola, Adada, koma chimachedwa," Suwilanji ankayankha.

2. Lamulo la Che Idi

Chaka chotsatira, atalemba mayeso a Fomu 4, Suwilanji anakana kukhala pakhomo n'kumadikira zotsatira. Anapita ku Biwi, kumene magalaja amathithikana ngati mano, nakapempha malo kwa Che Idi.

Che Idi anali mkulu wa ndevu za imvi, wotsimphina mwendo wamanzere. Ankagula mapulawo akale m'maesiteti, n'kuwawongola, kuwawotcherera ndi kuwagulitsa. Poyamba anaseka kuona mtsikana akupempha ovolosi. Koma atamuona akumasula khasu lodya dzimbiri popanda kuthyola bawuti, analeka kuseka.

"Ndiwe mwana wa Simwaka ndithu," anatero. "Manja akuchitira umboni."

M'galajamo munali lamulo limodzi limene Che Idi ankalibwereza kwa aliyense wogwira nawo ntchito.

"Pano sitigulitsa pulawo tisanaone thirakitala yake. Pulawo ya makasu si pulawo ya mbale zozungulira ija imene imagudubuzika ikakumana ndi zolimba. Iyi imalowa pansi, kudula dothi, kulinyamula ndi kulitembenuza chafufumimba. Khasu lililonse ndi katundu. Pa dothi la mchenga, khasu limodzi limafuna akavalo khumi ndi asanu. Pa katondo kapena makande, lipatse makumi awiri. Ndiye uziwerenga wekha. Injini ya fote-faifi, makasu awiri. Atatu, pokhapokha munda uli wofewa ngati ufa. Anayi, ayi, ngakhale mwiniyo alire misozi ya magazi. Ndipo usamakhulupirire utoto. Kuno ku Biwi tikhoza kupaka bulu utoto n'kumutcha njovu. Werenga mapaipi, yang'ana kukula kwa matayala, kenako uyankhule."

Suwilanji analoweza lamuloli ngati mapemphero. Pofika mwezi wa November, mvula ya chizimalupsa itagwa, Che Idi ankatha kumusiyira makiyi a galaja.

Pakona pa mpanda panali pulawo imodzi imene inakhala miyezi isanu ndi umodzi osapeza mwini. Inali ya makasu anayi, yachitsulo chokhuthala, yochokera ku esiteti ina ya fodya. Amuna asanu ankalephera kuisuntha. Anyamata a m'magalaja oyandikana ankaitcha Goliati.

3. Lachisanu masana

Lachisanu, dzuwa lili paliwombo, Che Idi anasamba, navala mkanjo woyera ndi chisoti, nauyamba wopita ku mzikiti.

"Akabwera wofuna mabawuti, um'gulitse," anatero. "Wofuna chachikulu andidikire."

Che Idi asanafike n'komwe kumsewu waukulu, Suwilanji anamva kulira kwa injini imene ankaidziwa ngakhale ali m'tulo. Thirakitala yofiira inalowa pa geti. Pa chiwongolero panali mnyamata wamtali woonda, ndipo pambali pake, atagwirira chitsulo cha pamwamba pa tayala, panali Bambo Chikafa.

Sipanala inam'pulumuka Suwilanji m'manja. Anawerama naitola pang'onopang'ono.

A Chikafa anatsika, napukuta thukuta pakhosi ndi mpango. Sanamuyang'ane Suwilanji kumaso. Kwa iwo, mtsikana wovala ovolosi ya girizi anali ngati mtengo wa mpanda.

"Iwe, abwana ako ali kuti?"

"Apita kokapemphera, bambo. Abwera cha m'ma thuu koloko."

"Ine ndilibe nthawi ya mapemphero a eni. Pulawo yanga yathyoka msana. Mawa m'mawa kalabu ya alimi ku Tsabango ikundidikira, minda makumi awiri. Ndikufuna pulawo lero."

Dalaivala uja anatsika nayenso, navula kapu. "Muli bwanji, achemwali? Ine ndine Yona. Ndaona ya makasu awiri apo. Ikuoneka yabwino."

"Awiri?" a Chikafa anam'tembenukira. "Ndinakulemba ntchito kuti uzindisankhira katundu? Ndi awiri tidzamaliza Khirisimasi itapita!"

Suwilanji anayenda mpaka pa thirakitala. Anasuzumira pansi pa boneti monga mwa lamulo. Mapaipi anali omwewo: imodzi, awiri, atatu. Anapukuta manja pa ovolosi. Mawu ake anatuluka ozizira.

"Bambo, nambala imene ili pa bonetiyi ndi yoona?"

"Ukufunsa chiyani? Sudziwa kuwerenga?"

"Pepani, bambo. Kungoti mathirakitala a mphamvu chotere sabwerabwera kuno. Ngati ndi sevente-faifi, kuipatsa makasu awiri n'kuinyoza. Ngakhale atatu n'kusewera nayo." Analoza pakona. "Mnzake ndi uyo. Wakhala akudikira thirakitala yeniyeni."

Nkhope ya a Chikafa inawala. Anapita kukaizungulira pulawo ija, akusisita makasu ake limodzilimodzi ngati akuyesa ng'ombe pamsika.

"Wamva, Yona? Kamtsikana aka kali ndi nzeru kuposa amuna ena amene ndakhala ndikuwadyetsa. Panali wina, Simwaka, ankandiuza kuti injini yanga ndi yaing'ono, chonsecho akundimwera dizilo ngati thobwa."

Suwilanji analuma mlomo wa m'munsi mpaka anamva mchere wa magazi.

"Anthu otero alipo, bambo," anatero.

Yona anakanda m'mutu. "Bwana, ine ndikuona ngati yalemera. Ndi ya makasu atatu ija, injini imatentha kale tikafika ku dambo."

"Kapena vuto ndi dalaivala, achimwene," Suwilanji anamudula. "Ena amaopa chitsulo ngati chiluma. Ngati manja anu ndi a ngolo ya abulu, nenani, abwana apeze wina."

Anyamata a galaja yoyandikana, amene anali atasuzumira pa mpanda, anafa nacho chikhakhali. Yona anavala kapu yake, nabwerera ku thirakitala.

A Chikafa analipira mtengo umene Che Idi analemba ndi choko pa chitsulo, osanenerera n'komwe. Anyamata aja anathandiza kukankha ndi kulumikiza pulawo ku mikono ya kumbuyo kwa thirakitala. Yona atakoka chogwirira kuti ainyamule, injini inabuula. Pulawo inakwera monyinyirika, ndipo matayala akutsogolo ananjanja ngati akufuna kusiya nthaka.

"Kutsogolo kwapepuka, bwana," anatero Yona.

"Yendetsa, iwe! Ndi mphamvu imeneyo."

Thirakitala inatuluka pa geti ikuyenda mokhotakhota ngati munthu wochokera ku kachasu. Suwilanji anaiyang'ana mpaka inazimiririka m'fumbi. Kenako anaseka, kuseka kouma kumene iye mwini anali asanakumvepo.

4. Chenjezo

Che Idi atabwera, maso awo anapita msanga pakona. Pamene panali Goliati panatsala udzu woyera wofota.

"Yapita kuti?"

"Yagulidwa, bambo."

"Ndi yani?"

"A Chikafa a ku Area 36."

Che Idi anakhala pa tayala lakale, natambasula mwendo wawo wopweteka.

"Mapaipi unawerenga?"

"Ndinawerenga."

"Unapeza angati?"

"Atatu."

"Ndiye sunalakwitse. Unachita dala."

Suwilanji anaimika mutu. "Anawatcha bambo anga wakuba pa geti la tchalitchi. Mawa anthu a ku Tsabango aone ndi maso awo kuti wabodza ndani. Iphulike injiniyo, achite manyazi monga tinachitira ife."

Che Idi anavula chisoti nachiika pa bondo.

"Khala pansi, Suwilanji. Zimene Chikafa anawachita bambo ako ndikuzidziwa, ndipo n'zoipa. Sindikuuza kuti umukonde. Koma tamvera. Mwendo uwu sindinabadwe nawo chonchi. Ndili mnyamata ku esiteti, kapitawo wina anakangana ndi mzungu wake. Pofuna kumukhaulitsa, anamangirira ngolo yodzaza nkhuni ku thirakitala yaing'ono, kuti ikafe pa chitunda mzunguyo aluze. Inafadi pa chitunda. Koma pa mpando sipanali mzungu. Panali ine. Mzungu anagula thirakitala ina mwezi womwewo. Ine mwendo wina sindinaugule mpaka lero.

"Iwe watchera msampha, koma msampha ulibe maso. Mawa pa chiwongolero sipakhala Chikafa. Pakhala mwana wa eni wofuna ufa wa ana ake. Pulawo yolemera imanyamula matayala akutsogolo, ndipo thirakitala yopanda matayala akutsogolo siimva chiwongolero. Imapita kumene yafuna. Komanso minda makumi awiri ija ndi ya anthu amene sanatukwane bambo ako. Mvula yagwa kale. Akachedwa kulima sabata ziwiri, njala ya February idzawapeza.

"Ndipo ganiza za dzina. Ukulira chifukwa dzina la bambo ako linadetsedwa ndi bodza. Lero iwe wadetsa langa ndi bodza lako. Zaka makumi awiri anthu akhala akunena kuti kwa Idi sanamiza munthu. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Bambo ako anataya ntchito chifukwa chokana kunama za injini yomweyo. Iwe wanama za injini yomweyo, ndiye ukuti ukuwamenyera nkhondo?"

Suwilanji anayang'ana pansi, koma nsagwada zake zinali zolimba.

"Ndikanatha kupita ndekha," anapitiriza Che Idi, "koma mfundo amamasula ndi amene anaimanga. Mawa ulawirire. Ukwere minibasi yoyamba, ukafike ku Tsabango asanalowetse khasu pansi. Ukawauze a Chikafa kuti unalakwa. Abwere nayo pulawoyo, ndiwapatsa ya makasu awiri ndi kuwabwezera zotsalazo. Wandimva?"

"Ndamva, bambo."

"Kumva ndi khutu n'kosavuta. Ndikufuna umve ndi miyendo."

Madzulo a tsikulo, kunyumba, a Simwaka anafika atanyamula pampu ndi bokosi la zigamba. Zala zawo zinali zakuda ndi guluu. Anafunsa mwana wawo za ntchito monga mwa masiku onse.

"Zinayenda bwino, Adada," anatero Suwilanji, maso ali pa zala zija.

5. Ku Tsabango

M'mawa mwake Suwilanji anakweradi minibasi yoyamba. Anasiya ovolosi, navala siketi ndi chitenje. Anafika ku Tsabango mame asanaume.

Munda woyamba unali wa makande, wotsetserekera ku dambo. Kumunsi kwake kunali ngalande yakuya imene madzi a mvula anakumba. Alimi a kalabu anali atasonkhana kale, amayi ndi abambo oposa makumi atatu. Wapampando wawo, Mayi Edna Kaliwo, anali atagwira ndodo yoyezera kuya kwa mzere.

A Chikafa anaima pa chulu ngati phungu pa msonkhano.

"Lero muona kulima kwa makono!" anatero. "Makasu anayi nthawi imodzi. Pofika Lachiwiri, minda yonse ikhala itatembenuka."

Yona anali chogwada pafupi ndi tayala, akumanga bawuti. Panali mtunda wa mapazi makumi awiri okha pakati pa iye ndi Suwilanji. Injini inali isanalizidwe. Nthawi inalipo.

Suwilanji anaponya phazi limodzi kutsogolo. Pomwepo a Chikafa anaseka pa chulu paja, kuseka komwe kuja kwa pa geti la tchalitchi. Mtsikanayo anabweza phazi lake. Anafunda chitenje kumutu, nakaima kumbuyo kwa amayi, pansi pa mtengo wa mango.

Yona analiza injini, natsitsa pulawo. Makasu anayi analuma dothi lakuda. Thirakitala inayenda mapazi khumi, kenako mawu a injini anasintha. Inayamba kubuula ngati ng'ombe yodwala. Utsi wakuda bii unatuluka m'paipi. Matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, akuponya matope.

Yona anakweza pulawo pang'ono. Thirakitala inapeza mpweya niyenda, koma makasu ankangopala pamwamba.

Mayi Kaliwo analowetsa ndodo yawo mu mzere, naitulutsa, naionetsa kwa anthu.

"A Chikafa, uku n'kulima kapena kupalasa kwa nkhuku? Nkhuku zanga zimafika pansi kuposa apa, ndipo sizimwa dizilo."

Anthu anaseka. Bambo wina wa chipewa cha mlaza anawonjezera: "Akavalo aja sevente-faifi, ena atsala kunyumba kodi? Kapena apita kumaliro?"

Kuseka kunakula. Pansi pa chitenje, Suwilanji anamwetulira. Anayang'ana nkhope ya a Chikafa ikusandulika, mitsempha ya pakhosi ikutupa. Chaka chathunthu anali akudikira kuona nkhope imeneyo, ndipo inali yokoma ngati uchi.

A Chikafa anatsika pa chulu akuthamanga.

"Tsitsa pulawo, chitsiru iwe! Tsitsa yonse! Ponda mafuta!"

"Bwana, singano ya kutentha yafika pofiira!"

"Ndati ponda!"

Yona anatsitsa, naika giya yoyamba, naponda. Thirakitala inakwawa ikunjenjemera thupi lonse. Fungo la chinthu chopserera linafika mpaka pa mtengo wa mango. Mzere umodzi wokha unatenga nthawi imene munthu angadyere chimanga chowotcha chathunthu. Pofika kumunsi kwa munda, nthunzi inali ikutuluka pansi pa boneti.

Kumeneko Yona anafunika kukhota. Anakoka chogwirira kuti anyamule pulawo. Makasu anatuluka atamatirira makande olemera, ndipo katundu yense anapita kumbuyo. Matayala akutsogolo ananyamuka m'mwamba ngati mbuzi yofuna kudya masamba.

Yona anapotoza chiwongolero kumanzere. Thirakitala sinamve. Inapitirira molunjika ku ngalande.

"Dumpha!" anakuwa Mayi Kaliwo. "Dumpha, mwana iwe!"

Tayala lakumanja linagumula m'mphepete mwa ngalande. Thirakitala inapendekeka, niima kamphindi ngati ikuganiza, kenako inagona cham'mbali ndi chiphokoso. Yona anaponyedwa kutsidya. Injini inatsokomola kawiri, nizima.

Kumwetulira kwa Suwilanji kunauma pamilomo. Anathamanga pamodzi ndi anthu onse, chitenje chikugwa kumutu.

Anam'peza Yona atakhala m'matope, atagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere. Mkonowo unali utapindika pamalo pamene sipayenera kupindika. Sankalira. Ankangopuma mofulumira, mano ali gwa.

A Chikafa sanapite kwa iye. Anapita kwa thirakitala. Anayang'ana mafuta akuda akuchucha m'ngalande, nagwira m'mutu ndi manja onse. Kenako anatembenuka, maso ali psu.

"Wandiphera thirakitala! Wathira palafini, eti? Nonse ndinu amodzi! Simwaka anayamba, iwe wamaliza. Madalaivala akuba inu! Anthuni, m'gwireni, apite kupolisi!"

Suwilanji anayembekeza kuti anthu aseka, kuti wina anena kuti vuto ndi injini. Koma palibe amene anasuzumira pansi pa boneti. Palibe amene ankadziwa kuwerenga mapaipi.

"Zoona, utsi uja unali wachilendo," anatero bambo wa chipewa cha mlaza. "Palafini amatero."

"Simwaka ndi uja wa ku 25?" anafunsa mayi wina. "Ndinamva mbiri yake. Akuti mpaka anam'chotsa udikoni."

Dzina la bambo a Suwilanji linayenda pakamwa ndi pakamwa, m'munda wa anthu amene anali asanawaonepo n'kamodzi komwe.

Abambo awiri anam'gwira Yona m'khwapa kuti amuimiritse. Apo m'pamene anakuwa ndi ululu.

"Musiyeni kaye, mkono wathyoka!" anatero Mayi Kaliwo, akuwakankha ndi ndodo. "Iwe mnyamata, nena zoona pamaso pa anthu. Wathira chiyani m'thanki?"

"Palibe, mayi. Ndikulumbira. Ndili ndi ana awiri, ndingabe bwanji? Pulawoyi yakula. Ndinanena dzulo, anandiseka."

"Bodza!" anakuwa a Chikafa. "A kugalaja anaiyeza okha. Anati ndi saizi yake!"

Yona anakweza maso kufuna womuthandiza. Anayang'ana nkhope imodzi, ina, inanso. Kenako maso ake anaima.

"Uyo," anatero, akuloza ndi chibwano. "Mtsikana wa kugalaja ndi uyo. Anasuzumira mu injini dzulo, ndinamuona akuwerenga ndi chala. M'funseni chimene anapeza."

Anthu anapatuka, namusiya Suwilanji ali yekha m'mphepete mwa ngalande. Mayi Kaliwo anam'yandikira.

"Mwana wanga, ngati ukudziwa kanthu, nena. Mnzakoyu akupita kupolisi ndi mkono wothyoka."

Suwilanji anatsegula pakamwa. Mawu ochepa okha onena za mapaipi atatu aja akanatsuka dzina la bambo ake ndi kumasula Yona. Koma mawu omwewo akanauza munda wonse kuti iye anadziwa, ndipo anakhala chete pansi pa mtengo wa mango.

A Chikafa anabwera pafupi. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'anitsitsa kumaso: mphumi, mphuno, kaimidwe ka nsagwada. Mkwiyo wa pankhope pawo unayamba kusanduka chinthu china.

"Taima," anatero motsitsa mawu. "Wabwera kudzatani kuno? Iwe, ndiwe mwana wa yani?"